Matani Akukwera, Chambo Chikutha

Ziwerengero za Dipatimenti ya Usodzi zimasonyeza kuti nsomba zogwidwa m'dziko muno pachaka zidadutsa matani 150,000 m'zaka zaposachedwapa, pomwe m'ma 1980 zinkazungulira pa matani 70,000. Nambalayi imatchulidwa m'misonkhano ngati umboni woti usodzi ukuyenda bwino. Koma aliyense amene amagula ndiwo ku Mangochi, ku Salima kapena pamsika wa Limbe akudziwa chimene chadzaza pathandala. Ndi usipa. Matani oposa theka mwa onsewo ndi a usipa, ndipo chambo, chimene kale chinali mutu wa malonda a kunyanja, chatsala ndi kagawo kochepa zedi. Chimene chachitika n'chakuti nsomba zikuluzikulu zochedwa kukula zatha mphamvu, ndipo m'malo mwake tikudalira kansomba kamene moyo wake wonse ndi wa chaka chimodzi basi.

Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yotheratu padziko, lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake. Lidapeza kuti mitundu 9 pa 100 iliyonse ili pangozi yaikulu. Chokhumudwitsa kwambiri chidali pa chambo: mitundu itatu, imene asayansi amaitcha Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole, idaikidwa pa gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Wa lidole, umene unkakonda madzi akuya a kummwera kwa nyanja, ofufuza akhala zaka zambiri osauona, ndipo ena akuopa kuti udapita kale. Mitunduyi sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'chigwa cha nyanja ino, mu Malombe ndi mu Shire. Ikatha kuno palibe kokaitenga.

Vutoli si lathu lokha. Kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature mu Januwale 2025 adaunika mitundu yoposa 23,000 ya nsomba, nkhanu ndi atombolombo a m'madzi opanda mchere, n'kupeza kuti pafupifupi mtundu umodzi mwa inayi iliyonse uli pangozi. Kusiyana kwake n'kwakuti nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, choncho kuluza kwathu n'kokulirapo.

Chambo sichidayambe ndicho. Ntchila idali m'gulu la nsomba zikuluzikulu zamalonda m'ma 1950, koma maukonde a nayiloni atafala, komanso anthu atazolowera kuitchingira pamathiriro ikamakwera mitsinje kukaswana, idazimiririka m'misika pasanathe zaka makumi awiri. Lero achinyamata ambiri a m'mphepete mwa nyanja amangoimva dzina. Mpasa nayo yachepa, ndipo mtsinje wa Bua, umene umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ndi umodzi mwa malo ochepa kumene imaswanabe bwino. Chenjezo lidalipo kale, silidamveke.

Nkhani ya Malombe ndiyo iyenera kuphunzitsidwa m'sukulu, chifukwa zonse zidachitika anthu akuona, ofufuza akulemba. Malombe ndi nyanja yaing'ono, yosazama, yofunda, imene Shire amadutsamo atangochoka m'nyanja yaikulu. Mu 1982 idatulutsa chambo choposa matani 8,000. Pofika 1992 sichinkakwananso matani 1,000. Zaka khumi zokha. Kafukufuku wa chambo amene boma lidachita pamodzi ndi bungwe la FAO pakati pa 1988 ndi 1992 adafotokoza momveka chimene chidachitika. Chambo chitayamba kuvuta, asodzi adatembenukira ku kambuzi, nsomba ting'onoting'ono tofuna ukonde wa maso ang'onoang'ono. Makoka a kambuzi ndi nkacha adachuluka. Ukonde wa nkacha umakokedwa pansi penipeni, munthu n'kumira kukamanga kunsi kwake, ndiye palibe chimene umasiya: umatenga kambuzi pamodzi ndi kasawala, ana a chambo, n'kuzula udzu wa pansi pamadzi umene anawo amabisalamo. Msodzi aliyense payekha ankachita chanzeru, chifukwa ana kunyumba ankafuna nsima. Onse pamodzi adakolola mbewu ndi chakudya chomwe. Papita zaka zoposa makumi atatu, chambo cha Malombe sichidabwerere pamene chidali.

Kuti timvetse chifukwa chake sichibwerera msanga, tiyenera kuona mmene chimaswanirana. Chambo chimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti chikhwime. Nthawi yoswana, champhongo chimakumba chisa pamchenga, chachikazi n'kuikira mazira ndi kuwatola m'kamwa mwake. Chimawasunga m'kamwamo mpaka aswe, kenako n'kupita ndi anawo kumadzi osaya, kumabango ndi kumaudzu. Mazira ake ndi ochepa poyerekeza ndi nsomba zimene zimangowamwaza m'madzi. Khoka limodzi lodutsa pamalo a zisa mu Novembala limafafaniza zisazo, limagwira make ali ndi ana m'kamwa, ndipo neti yoteteza udzudzu imene yasanduka ukonde m'madoko ambiri imamaliza otsala kugombe. Onjezanipo mabango amene adadulidwa kuti malo ogona alendo akhale ndi mchenga woyera, muona kuti chambo chapanikizidwa pa msinkhu uliwonse wa moyo wake.

Nanga kusintha kwa nyengo kukubwera pati? Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo madzi ake ali m'magawo: ofunda pamwamba, ozizira pansi. Kupitirira mamita 200 kapena 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako, koma kumeneko n'kumene kwaunjikana chonde cha nyanja. Mwera ukamaomba m'miyezi yozizira umakankhira madzi a pamwamba kumpoto, madzi achonde a pansi n'kukwera chakummwera. Ndere zosaoneka ndi maso zimaphuka, ndipo chambo ndi usipa zimapeza chakudya. Ichi n'chifukwa chake chigawo cha Mangochi chakhala nkhokwe ya nsomba. Kafukufuku amene adafalitsidwa mu 2005, woyerekeza miyezo ya kuyambira 1939, adapeza kuti madzi akuya a nyanja yathu adafunda ndi pafupifupi madigiri 0.7 m'zaka makumi asanu ndi limodzi. Ku nyanja ya Tanganyika, imene imafanana ndi yathu m'kapangidwe, ofufuza adaonetsa mu 2003 kuti kufunda kwa madzi a pamwamba pamodzi ndi kufooka kwa mphepo kwachepetsa kusakanikirana kwa madzi, ndipo chakudya cha nsomba chatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Palibe chifukwa choganizira kuti nyanja yathu idzapulumuka ku lamulo lomwelo.

Mvula yobwera mwaukali nayo ili ndi mbali yake. Mapiri atametedwa chifukwa cha makala ndi minda, mitsinje ya Linthipe, Bua, Dwangwa ndi South Rukuru imatsitsa matope ofiira amene amadetsa madzi ndi kukwirira mchenga wa zisa ndi miyala imene nsomba za mbuna zimadyapo.

Ndikuona kuti pano mpamene tiyenera kusamala. Mawu akuti kusintha kwa nyengo ayamba kugwiritsidwa ntchito ngati chofunda chobisira zolakwa zathu, popeza mlandu wake umagwera maiko olemera amene ali kutali. Mlanduwo alidi nawo, ndipo tipitirize kuwauza. Koma Malombe adagwa pakati pa 1982 ndi 1992 chifukwa cha kukula kwa maso a ukonde ndi kuchuluka kwa makoka. Chimene kufunda kwa nyanja kukuchita ndi kuchepetsa mpata woti tilakwitse n'kukonzanso. Chambo chochuluka, cha misinkhu yosiyanasiyana, chikhoza kupirira zaka zingapo zoipa. Chotsala pang'onochi sichingathe.

Zotsatira zake zimafika ndi pamene sitiyembekezera. Ofufuza amene adagwira ntchito kwa zaka zambiri ku Cape Maclear adaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa m'madzi osaya, nkhono zofalitsa likodzo zidachuluka, matendawo n'kukwera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Palinso chiopsezo china chimene chikubwera mwakachetechete: mu 2013 asayansi adalengeza kuti apeza tilapiya wa ku Nile m'madzi a mbali ya Tanzania amene ali m'chigwa cha nyanja yathu. Nsombayi imakula msanga, alimi a m'maiwe amaikonda, koma kumene idalowa, monga m'nyanja za Victoria ndi Kariba, idakankhira pambali abale ake a chambo a kumeneko.

Malamulo tili nawo. Makomiti a m'madoko adayamba ku Malombe mu 1993, lamulo la usodzi la 1997 lidawapatsa malo, ndipo chaka chilichonse nyanja imatsekedwa kwa makoka nthawi imene chambo chikuswana. Chimene chikusowa ndi mafuta a boti lolondera, chilango choluma kwa mwini zida osati kwa mnyamata wopalasa yekha, ndi njira ina yopezera ndalama kwa banja limene lauzidwa kuti lisiye ukonde miyezi iwiri kapena itatu. Chilumba cha Mbenji ku Salima chikuonetsa kuti n'zotheka. Kuyambira m'ma 1950, pansi pa ufumu wa Makanjira, chilumbachi chimatsekedwa nyengo yonse ya mvula, aliyense amachokako, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Asodzi amamvera chifukwa amaona phindu lake chikatsegulidwa, komanso chifukwa lamulolo silisankha nkhope.

Pempho langa kwa a Dipatimenti ya Usodzi ndi aphungu athu n'lakuti asiye kutiuza matani onse pamodzi. Chaka chilichonse alengeze poyera kuti chambo chagwidwa chochuluka bwanji, cha msinkhu wanji, pa doko liti, ndipo ndalama zolondera malo oswanirana zikhale ndi mzere wakewake m'bajeti. Inunso ogula muli ndi mbali yanu: mukaona mulu wa kasawala pamsika, musagule, ndipo muwauze ogulitsawo chifukwa chake.