Munthu Waukali Amene Analonjeza Kusabwezera

Tonse tikudziwa zimene zimachitika pa bwalo la mpira mnzako akakuponda mwadala m'mwezi wa June, miyendo itauma ndi chisanu cha kuno ku Dedza. Mtima umapsa, ndipo usanaganize n'komwe mwendo wapita kale kukabweza ngongole. Tsono, owerenga anzanga, tiyeni tione za munthu wina amene ankapondedwa ndi kutukwanidwa pafupifupi tsiku ndi tsiku, iye atamangidwa ndi lonjezo lakuti sabwezera. Dzina lake ndi Jackie Robinson, wa ku America.

Masewero ake anali a baseball, omwe kuno sitiwadziwa kwenikweni. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wa timu inayo n'kukamenya ndi chibonga, kenaka amathamanga kudutsa malo atatu oimapo, ndipo akabwerera pamene anayambira ndiye kuti timu yake yagoletsa. Osewera amavala nsapato zokhala ndi tizitsulo kunsi. Kampirako ndi tizitsulotu musaziiwale, tizipezanso kutsogoloku.

Kwa zaka pafupifupi 60, kufikira 1947, m'maligi akuluakulu a masewerowa munalibe munthu wakuda. Lamulo lolembedwa panalibe, eni matimu anangopangana. Akuda anali ndi maligi awoawo. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela sangavutike kumvetsa zimenezi, poti nawonso anaona khomo la azungu ndi khomo la akuda.

Ambiri amaganiza kuti Robinson anasankhidwa chifukwa anali wofatsa. Si zoona. Iye anabadwa mu 1919 ku Georgia, nakulira ku California m'manja mwa mayi ake amene analera okha ana asanu, ndipo chiyambire sankalola kuponderezedwa. Mu July 1944, ali msilikali ku Camp Hood m'chigawo cha Texas, dalaivala wa basi anamuuza kuti akakhale kumbuyo, kumalo a akuda. Iye anakana kwamtuwagalu. Anamuimba mlandu m'khoti la asilikali, koma anapezeka wosalakwa.

Munthu wotereyu ndiye amene Branch Rickey, mkulu wa timu ya Brooklyn Dodgers, anamuitana pa 28 August 1945. Anakhala mu ofesi pafupifupi maola atatu. Rickey anachita ngati sewero: pena akhale wosewera wachipongwe, pena mwini hotela wokana kupereka chipinda, uku akumulalatira mawu onse oipa amene ankayembekezera kuti mnyamatayo adzawamva. Robinson anafunsa ngati bwanayo akufuna munthu wamantha. Rickey anayankha kuti akufuna munthu wolimba mtima mokwanira kuti asabwezere. Anamuwerengeranso ndime ya m'buku la Giovanni Papini lofotokoza moyo wa Khristu, pamene pakukambidwa za kupereka tsaya lina, monga timawerengera pa Mateyo 5:39. Onse awiri anali Akhristu a mpingo wa Methodist.

Kodi Rickey anapempheranji chinthu chovuta chotere? Iye ankadziwa kuti eni matimu ena akungodikira chifukwa. Robinson akanangomenya mzungu mmodzi pabwalo, iwo akananena kuti mwaona, mitundu iwiriyi singasewerere pamodzi, ndipo khomo likanatsekedwanso kwa akuda onse amene anali kudikira kumbuyo kwake. Chibakera chake sichinalinso chake yekha.

Atasewera chaka cha 1946 ku Montreal, analowa m'bwalo la Ebbets Field pa 15 April 1947 atavala nambala 42. Ngakhale m'timu mwake momwe ena anali atayamba kusainirana kalata yomukana, mpaka kochi Leo Durocher anawakalipira. Patangopita sabata imodzi kunabwera timu ya Philadelphia Phillies, ndipo kochi wawo Ben Chapman ndi anyamata ake anamutukwana masewero onse, kumuuza kuti abwerere kukathyola thonje. Robinson anadzaulula pambuyo pake kuti tsikulo anangotsala pang'ono kutaya chibonga n'kupita kukamenya munthu. Sanapite. Chodabwitsa n'chakuti matukwanowo ndi amene anachititsa anzake ena a m'timu kuyamba kumuikira kumbuyo. Chaka chimenecho oponya anamugenda ndi kampira kaja maulendo 9, mu August Enos Slaughter wa St. Louis anamuponda mwendo ndi tizitsulo tija, makalata oopseza kumupha ankafika, ndipo m'mizinda ina mahotela ankamukana pamene anzake akukagona. Madzulo ankabwerera kwa mkazi wake Rachel, amene ankamva zonse zimene mwamuna wake anameza masana.

Mkwiyowo anausandutsa liwiro. Timu yake inatenga ligi, ndipo iye anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana onse mu 1947.

Ine mbali imene imandipatsa maganizo ndi ya 1949, pamene Rickey anamumasula ku lonjezo lija. Akuda ena monga Larry Doby ndi Roy Campanella anali atalowa kale, khomo silikanatsekekanso. Paja akuluakulu amati chetechete sautsa nyama. Robinson anayamba kukangana ndi oimbira masewero ndi kudzudzula tsankho poyera, ndipo chaka chomwecho anakhala wosewera wopambana m'ligi yonse. Atolankhani ena amene ankamuyamika ali chete anayamba kumutcha wovuta. Zikuoneka kuti chimene ankakonda mwa iye kunali kukhala chete kuja, osati munthuyo.

Anasiya kusewera itatha 1956. Imvi zinamutuluka msanga, matenda a shuga anamuononga maso, ndipo anamwalira pa 24 October 1972 ali ndi zaka 53 zokha. Masiku 9 asanamwalire anamulemekeza pa bwalo ku Cincinnati. Iye anathokoza, koma anawonjeza kuti adzakondwa koposa tsiku limene adzaone munthu wakuda ali kochi wamkulu wa timu. Zimenezi zinachitika mu 1975, pamene Frank Robinson, yemwe sanali mbale wake, anayamba kutsogolera timu ya Cleveland.