Madzi kuoneka mbee sikuti ndi abwino

Ine ndikuti madzi otsika m'phiri la Dedza tisawakhulupirire chifukwa chongooneka mbee. Kachilombo koyambitsa kolera, Vibrio cholerae, n'kakang'ono kwambiri moti maso sangakaone. Kamalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala, n'kukaswana m'matumbo. Mmenemo kamatulutsa poizoni wochititsa matumbo kutaya madzi ndi mchere wambiri, mwakuti munthu wamphamvu atha kumwalira tsiku lisanathe. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino, n'kupha anthu oposa 1,700.

Ena amati kuzizira kwa kuno kumapha tizilombo. Ayi ndithu, kuzizira kumangochedwetsa kuswana kwake. Chimene chimapha tizilomboti ndi kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini. Enanso amati makolo athu ankamwa madzi omwewa. N'zoona, koma lero tachuluka, zimbudzi zayandikira zitsime, ndipo mvula ikagwa pamtunda imakokolola zonyansa kupita nazo kumunsi, ku Mtakataka ndi Golomoti. Choncho chimbudzi chosamalidwa bwino kumtunda chimatetezanso abale athu akunyanja.