Si chifuwa chilichonse chimene chili TB

Achinyamata anzathu a m'makalabu, m'midzi mwathumu munthu akatsokomola mwezi wathunthu n'kuyamba kuonda, anthu sachedwa kugamula. Ena amati ndi TB, ena amanong'onezana kuti ndi Edzi, enanso amati amulodza. Koma matenda a m'chifuwa alipo amitundumitundu, ndipo zizindikiro zake zimafanana moti ngakhale dokotala sangawasiyanitse pongomuyang'ana wodwala. Chithandizo chakenso n'chosiyana. Ena amatha ndi mapiritsi, ena amafuna kapaipi kochotsera madzi, pomwe ena amafuna opaleshoni. Lero tikambirane za chithandizochi, makamaka cha khansa ya m'mapapo, imene kawirikawiri anthu amaiyesa TB.

Kodi m'chifuwa muli chiyani?

Amene munasendapo mbuzi munaona kuti mapapo ndi awiri, ofewa ngati siponji. Munthunso ndi chimodzimodzi. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, lakumanzere lili ndi ziwiri chifukwa limasiyira malo mtima. Pakati pa phapo ndi nthiti pali kampata kakang'ono kwambiri. Sungani mfundo ziwirizi, zikuthandizani kumvetsa zimene madokotala amachita.

Matenda amene amatha ndi mankhwala

TB ndiyo imapha anthu ambiri amene ali ndi kachilombo ka HIV kuposa matenda ena onse, koma ndi yochizika. Kuchipatala amayeza makhololo ndi makina otchedwa GeneXpert, omwe bungwe la WHO linawavomereza mu 2010. Makinawa amathanso kuonetsa ngati TB yake ili yosamva mankhwala. Mankhwala a TB wamba amamwedwa miyezi 6: miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi, miyezi inayi yotsatira mitundu iwiri. M'zipatala za boma ndi aulere. Wodwala amayamba kupeza bwino pakangopita masabata ochepa, ndipo apa mpamene ambiri amalakwitsa posiyira panjira. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Amene ali pa ma ARV asawasiye, koma awauze a dokotala, chifukwa nthawi zambiri amawaonjezera piritsi lina kuti ma ARV asachepe mphamvu.

Chibayo nachonso chimatha ndi mapiritsi kapena majakisoni. Bactrim amene anthu omwe ali ndi HIV amalandira amawateteza ku mtundu wina woopsa wa chibayo, choncho si wogawira anzathu akadwala m'mimba ayi.

Palinso khansa yotchedwa Kaposi, ija imatulutsa zigamba zakuda pakhungu ndi kutupitsa miyendo. Imeneyi imatha kulowanso m'mapapo, munthu n'kumabanika ndi kulavula magazi. Siichita opaleshoni. Chithandizo chake ndi ma ARV pamodzi ndi mankhwala a khansa a m'diripi.

Madzi ndi mafinya m'chifuwa

Nthawi zina TB, chibayo kapena khansa zimachititsa kuti m'kampata kaja mudzaze madzi kapena mafinya. Phapo limafinyika, munthu n'kumapuma mwawefuwefu. Mpweyanso umatha kulowa m'menemo munthu akathyoka nthiti pangozi ya njinga yamoto kapena akabayidwa. Zikatero dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kulowetsa kapaipi pakati pa nthiti. Kapaipiko kamakathera m'botolo la madzi lomwe limakhala pansi pa bedi. Madziwo amalola zoipa kutuluka koma salola mpweya kubwerera. Ngati mukudikirira wodwala wotere, musanyamule botololo kupitirira chifuwa chake, ndipo musalikhuthule nokha. Mafinya akakhalitsa amauma n'kumanga phapo ngati chikhokho, ndiye pamafunika opaleshoni yokapala. Kufulumira kuchipatala kumapewetsa zimenezi.

Nanga khansa ya m'mapapo?

Padziko lonse, khansa imeneyi ndiyo imapha anthu ambiri kuposa khansa ina iliyonse. Mu 2022 inapha anthu pafupifupi 1.8 miliyoni. Bungwe la WHO limati mwa odwala 100, pafupifupi 85 amadwala chifukwa cha fodya, kaya ndi wa m'paketi kaya chingambwe. Utsi wa fodya wa mnzako, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mazenera ndi fumbi la m'migodi nazonso zimaonjezera chiopsezo. Anthu amene ali ndi HIV amadwala khansayi kawirikawiri, komanso akadali aang'ono poyerekeza ndi ena.

Vuto lake nali. Wodwala amatsokomola, amaonda, amamva kupweteka m'chifuwa, mwina kulavula magazi. Zonsezi ndi zizindikironso za TB. Ndiye amayamba mankhwala a TB, miyezi n'kumapita, khansa ikukula mwakachetechete. Choncho gwirani mawu awa: ngati makhololo sanaonetse TB koma chifuwa sichikutha, kapena munthu wamwa mankhwala mokhulupirika mwezi umodzi kapena iwiri osasintha, abwerere kuchipatala akafunse kuti, "Adokotala, kodi sangakhale matenda ena?" Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Pofuna kutsimikiza, amajambula chifuwa ndi ekiselo, kenako ndi makina a CT amene amaonetsa bwino kukula kwa chotupa. Akatero amatapako kanyama kakang'ono, mwina ndi singano kapena ndi kapaipi kokhala ndi kamera kodzera pakhosi, n'kukaunika ku labotale. Kutapako kanyama sikufalitsa khansa. Ndi njira yokhayo yodziwira mtundu wake. Pomaliza amaona pamene matenda afika, kuyambira gawo 1, chotupa chikadali chaching'ono pamalo amodzi, mpaka gawo 4, chitafalikira ku mafupa, chiwindi kapena ubongo.

Kodi munthu angakhale ndi phapo limodzi?

Inde angathe. Mu 1933 dokotala wa ku St. Louis m'dziko la America, Evarts Graham, anachotsa phapo lathunthu la wodwala khansa, yemwenso anali dokotala, James Gilmore. Bamboyu anachira, anabwerera kuntchito, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina 30. Graham, amene anasuta fodya zaka zambiri, anathandiza kafukufuku wa mu 1950 wosonyeza kuti fodya amayambitsa khansayi. Iye anasiya kusuta koma mochedwa, ndipo anamwalira ndi khansa yomweyo mu 1957, wodwala wake uja akadali moyo.

Masiku ano kawirikawiri amangochotsa chigawo chimodzi mwa zigawo zisanu zija, pamodzi ndi timwanabere tapafupi. Asanatero amamuuza wodwala kuti apemerere m'makina kuti aone ngati zotsalazo zingamukwanire. Ena amawang'amba pakati pa nthiti, ndipo komwe kuli zipangizo amangoboola timabowo tolowetsera kamera. Akatsitsimuka amakhala ndi kapaipi kaja masiku angapo, ndipo anamwino amamulimbikitsa kuyenda, kupuma mokoka ndi kutsokomola kuti asadwale chibayo. Koma opaleshoni imachiza pokhapokha khansa isanafalikire. N'chifukwa chake miyezi yotayika ija ili yoopsa.

Chithandizo china

Chemotherapy ndi mankhwala opha khansa operekedwa m'diripi, nthawi zambiri pakapita masabata atatu aliwonse, maulendo 4 mpaka 6. Amafooketsa, amachititsa mseru, ena tsitsi limathothoka koma limameranso. Radiotherapy ndi makina owotcha chotupa ndi cheza champhamvu. Wodwala samva kupweteka panthawiyo, ndipo satengera chezacho kunyumba. Kwa zaka zambiri Amalawi ankatumizidwa kunja monga ku India kukalandira chithandizochi, koma mu 2025 chipatala cha boma cha khansa chinatsegulidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kuti mufike kumeneko, yambirani kuchipatala cha kwanu, akupatseni kalata. Ma ARV sasiyidwa panthawi yonseyi.

Khansa ikafika posachiritsika sindiye kuti basi kwatha. Alipo mankhwala a morphine akumwa othetsa ululu ndi kuchepetsa kubanika, ndipo madzi a m'chifuwa amathabe kuchotsedwa. Chisamaliro chotere chimapezeka m'zipatala zambiri, monga ku Tiyanjane pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Ndi Moyo ku Salima. Palibe chifukwa choti agogo kapena amalume azibuula usiku wonse.

Tingachitepo chiyani ngati kalabu?

Choyamba, tisayambe kusuta, ndipo amene anayamba tiwathandize kusiya popanda kuwanyoza. Munthu akasiya, pakatha zaka 10 chiopsezo cha khansayi chimatsika pafupifupi ndi theka. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2013 anapeza kuti anthu amene ali ndi HIV, akulandira chithandizo chabwino koma akusuta, amataya zaka zambiri za moyo chifukwa cha fodya kuposa chifukwa cha kachilomboko.

Chachiwiri, aliyense wotsokomola masabata awiri akayezetse makhololo ndi magazi. Amene ali ndi HIV asadikire n'komwe masabata awiriwo. Chachitatu, tisamangoperekeza wodwala ulendo woyamba wokha. Tizifunsa ngati akusintha, tiziona tsiku lobwerera m'kabuku kake ka kuchipatala, ndipo ngati vuto ndi thiransipoti, kalabu ikhoza kubwereka njinga kapena kusonkherana. Akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni azitchula zimenezi kwa dokotala.

Mafunso okambirana

1. Kodi kwathu kuno anthu amati chiyani munthu akapanda kuchira ndi mankhwala a TB?
2. N'chiyani chimakopa anyamata ndi atsikana kuyamba kusuta?
3. Tingawalankhule bwanji mwaulemu makolo amene akukana opaleshoni chifukwa cha mantha?