Kampata Kakang'ono Kosunga Klatchi

Lero tikamba za kampata ka chopondera cha klatchi pa galimoto yosintha magiya ndi dzanja.

Taganizani za galimoto imene yasenza chambo chachiŵisi ku Senga Bay. Yalimbana ndi mchenga wa padooko, yadutsa pa Salima, tsono yayamba kukwera zitunda za msewu wa ku Lilongwe. Injini ikubangula, fungo la chopserera likumveka, koma galimoto ikungokwaŵa. Klatchi ikuterereka, ndipo nsomba zija zikhoza kuwolera panjira. Kaŵirikaŵiri vutoli limayamba ndi kampata kamene kanatha mwini wake osadziŵa.

Mukakankha chopondera ndi dzanja, chimayamba chatsika mofeŵa, kenaka chimalimba. Pofeŵapo ndipo pali kampata tikunenaka. Kayeseni ndi rula. Pa magalimoto ambiri kamakhala mamilimita 10 kufikira 20, koma muyeso weniweni uli m'buku la galimoto yanu.

Mbale ya klatchi ikamadyeka, kampataka kamachepa. Kakatheratu, zimakhala ngati phazi lili pachopondera nthaŵi zonse: beringi imazungulira kosapuma, ndipo mbale sigwira zolimba. Kakachuluka, klatchi simasuka bwino, ndipo magiya amakukuta poloŵa, makamaka giya yobwerera m'mbuyo.

Nanga tikonza bwanji? Zimitsani injini ndi kukoka handibuleki. Ngati klatchi yanu ndi ya kebulo, mudzapeza manati aŵiri kumapeto kwake, pafupi ndi giyabokosi. Masulani nati yotsekera ndi sipanala, potozani inzakeyo pang'onopang'ono, yesaninso ndi rula, ndipo muyeso ukakwana mangani yotsekera ija. Ngati ndi ya mafuta, manatiwo amakhala pa kachitsulo kamene chopondera chimakankha. Onaninso kuti mafuta ngokwanira. Magalimoto ambiri atsopano amadzikonza okha. Ameneŵa apiteni nawo kwa makaniko.

Mukatha, lizani injini pamalo opanda anthu, handibuleki ili chikokere. Loŵetsani giya yachinayi ndi kusiya chopondera pang'onopang'ono. Injini ikazima, klatchi ikugwira. Ikapitiriza kulira, mbale yatha; nati singaichiritse.

Pomaliza, mukatitimira mumchenga musapsereze klatchi. Fukulani mchenga kumatayala, ikani nthambi pansi, anzanu akankhe. Ndipo poyenda, phazi lamanzere lizikhala pansi, osati pachopondera. Yesani kampataka mwezi ndi mwezi.