Akatswiri a Mkaka: Kuyambira kwa Kapuku wa ku Chilwa Mpaka Selo Logona

Bere ndi chiwalo chodabwitsa. Limadzimanga pa mimba iliyonse, mwana akaleka kuyamwa n'kuphwa, kenako n'kudzamangidwanso pa mimba ina. Ntchitoyi imayambira pa maselo ochepa obala anzawo, amene asayansi amawatcha stem cells, ndipo ena mwa iwo amakhala chigonere kwa nthawi yaitali. Nawa akatswiri amene akuonetsa mphamvu ya chiwalochi.

Mabere ochuluka

Woyamba ndi wathu yemwe. Mpunga ukakololedwa m'madambo a ku Kachulu, anyamata okumba mbewa amapha kapuku wambiri. Mukamutembenuza wamkazi, mudzaona timabere tili ndandanda mizere iwiri kuchokera pachifuwa mpaka kumiyendo, tokwana 16 mpaka 24. Mimba yake ndi ya masabata atatu ndi masiku ochepa, n'chifukwa chake amaswana mofulumira m'minda. Amene amamuposa ndi tenrec wa ku Madagascar, yemwe amafika mabere 29.

Mkaka wonona ndi wosuluka

Nyama ya m'nyanja zozizira za kumpoto yotchedwa hooded seal imayamwitsa masiku anayi okha, nthawi yaifupi kuposa nyama ina iliyonse yodziwika. Mkaka wake ndi mafuta pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse. Wosuluka kwambiri uli pafupi nafe: chipembere chakuda, chimene chimapezeka ku Liwonde National Park, mkaka wake mafuta safika ngakhale gawo limodzi pa 100.

Kuyamwitsa nthawi yaitali

Nyani wa ku Borneo ndi Sumatra wotchedwa orangutan amatha kuyamwitsa mwana mmodzi zaka zoposa 8. Zipatso zikasowa m'nkhalango, mwanayo amabwerera kubere mwamphamvu.

Ng'ombe ya mkaka wambiri

Mu 2017 ng'ombe ya mtundu wa Holstein ya ku Wisconsin, Selz-Pralle Aftershock 3918, inatulutsa mkaka woposa makilogalamu 35,000 pa masiku 365. Ng'ombe zathu zalinunda zodya m'dambo la Chilwa zimapereka malita owerengeka pa tsiku. Komabe zonsezi lamulo lake n'limodzi: alimi a mkaka amaleka kukama pafupifupi miyezi iwiri ng'ombe isanabereke, kuti maselo otopa a m'bere alowedwe m'malo ndi atsopano. Wokama mpaka tsiku lobereka amadzapeza mkaka wochepa pambuyo pake.

Selo lotchuka koposa

Nkhosa Dolly, imene inabadwa pa 5 July 1996 ku Roslin Institute ku Scotland, inachokera ku selo la m'bere la nkhosa ya zaka 6. Asayansi anayamba alimana chakudya seloli kuti lileke kugawikana ndi kugona, kenako anaika phata lake m'dzira la nkhosa ina.

Kakang'ono kopambana onse

Mu 2006 gulu la Jane Visvader ndi Geoffrey Lindeman ku Walter and Eliza Hall Institute ku Melbourne linasonyeza kuti selo limodzi lokha, litaikidwa m'mafuta a pabere la mbewa, limatha kumanga bere lathunthu lotulutsa mkaka. Timitsempha tonse ta mkaka ndi timatumba topangira mkakawo tinachokera ku selo limodzilo.

Tulo tatikulu

Mu 2017 gulu lomwelo, pamodzi ndi Nai Yang Fu, linapeza maselo ogona kwambiri m'bere la mbewa. Amakhala m'timitsempha tapafupi ndi nsonga ya bere, amayambira pamene mbewa ili m'mimba mwa make, ndipo sagawikana mpaka mahomoni a mimba atawadzutsa. Tuloti tili ndi phindu. Selo likamagawikana limakopera malangizo ake a chibadwa, ndipo pokopera pamatha kulowa zolakwika. Logona limasunga malangizowo bwinobwino komanso silitha mphamvu msanga.

Anthu a m'mbali mwa Chilwa zoterezi amazidziwa. Nyanja itaphwa mu 1995, matemba ndi makumba otsala anabisala m'maiwe a mitsinje ngati Domasi ndi Likangala, ndipo madzi atabwerera ochepawo ndiwo anadzazanso nyanja. Maselo ogona ndiwo maiwe a bere.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu

Ofufuza akuwalondola maselowa chifukwa selo lokhalitsa likalakwika limatha kukhala gwero la khansa ya m'mabere, ndipo maselo a khansa ogona amazemba mankhwala opha maselo ogawikana msanga. Kafukufuku wamkulu wa mu 2002, wophatikiza amayi a m'mayiko 30, anapeza kuti miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa imachepetsa chiopsezo cha khansayi ndi magawo pafupifupi 4 pa 100 alionse. Choncho kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, n'kupitiriza mpaka zaka ziwiri, kumateteza mwana ndi mayi yemwe. Ndipo mayi akamva chotupa m'bere, ngakhale chosapweteka, asadikire kuti chikule. Apite kuchipatala chapafupi sabata yomweyo, ndipo banja lonse limuthandize ulendowo.