Makina osankha okha rede: kodi amalonda a ku Lifidzi angapindule nawo?

LIFIDZI, Angónia. Nyengo yokolola ikafika, pamene malole amazungulira m'midzi kugula kachewere, chimanga, soya ndi nyemba, chimene chikumavuta amalonda masiku ano si misewu yokumbika yokha ai, koma kusowa kwa rede, imene a ku Malawi amati netiweki.

Mlimi wabwera ndi matumba ake pa ngolo, ayeza pa sikelo, mtengo agwirizana, koma ndalama za pa foni zikukana kudutsa. Wogula akwera pa chulu foni ili m'mwamba, osaphula kanthu. Dzuwa likamapendeka mlimi uja amangopita kwa wina amene ali ndi ndalama m'manja, ngakhale mtengo wake ndi wotsika.

Anthu a m'malire muno anapeza kale mankhwala a vutoli. Monga momwe akhala akusungira metikali ndi kwacha m'thumba limodzi, ambiri amayenda ndi makadi awiri kapena atatu a foni: la Movitel, la Vodacom, ndipo kumene rede ya ku Malawi imafika, la Airtel kapena TNM. Khadi lina likagona, amadzutsa linzake.

Mafoni a m'manja anayamba m'dziko muno mu 1997 ndi mCel, imene pambuyo pake inaphatikizana ndi TDM n'kukhala Tmcel. Vodacom inabwera mu 2003, ndipo Movitel inayamba mu 2012 n'kumanga nsanja zake mpaka kumidzi. Mu 2023 kampani ya Starlink inayamba kugulitsa intaneti yochokera ku masetilaiti ku Mozambique ndi ku Malawi komwe. Choncho njira zilipo zingapo tsopano.

Koma kusintha khadi ndi manja kumathandiza munthu wa foni imodzi. Sikuthandiza sitolo ya mbewu ndi feteleza imene ili ndi nthambi ku Ulónguè, ku Domué ndi ku Calómuè, pamene likulu lake lili ku Tete. Kumeneko kompyuta yolemba katundu, kamakina kolipirira ndi khadi la kubanki ndiponso foni ya mu ofesi zimadalira chingwe chimodzi, ndipo chikaduka ntchito yonse imaima.

Mabanki ndi makampani akulu-akulu kale ankachita lendi chingwe chawo-chawo ku kampani ya matelefoni, cholumikiza nthambi iliyonse ndi likulu. Chinali chodalirika koma chodula, ndipo kudera kopanda chingwe kunalibe chochita.

Cha m'ma 2014 kunayamba kutchuka njira ina imene akatswiri amaitcha SD-WAN. Inakula msanga kotero kuti mu 2017 kampani ya Cisco ya ku America inagula kampani ina ya makina otere, Viptela, pa mtengo wa madola 610 miliyoni.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Pa nthambi iliyonse amaikapo kabokosi kolumikizidwa ku njira ziwiri kapena zitatu, monga chingwe cha faiba, khadi la foni ndi mbale ya setilaiti. Kabokosiko kamayeza njira zonsezo usana ndi usiku, kuona imene ikuchedwa ndi imene ikutaya uthenga. Njira ina ikafooka, kamasamutsira ntchito ku inzake pakanthawi kochepa, mwina wogulitsa osazindikira n'komwe.

Kamasankhanso chofunika kutsogola. Malipiro a kasitomala amapatsidwa njira yabwino koposa, pamene makanema a mlonda amatsalira m'mbuyo. Uthenga wochokera ku nthambi kupita ku likulu umabisidwa kuti wina asauwerenge panjira. Malamulo onsewa amawalemba munthu mmodzi ali ku likulu, ndipo amafika ku nthambi zonse popanda kutumiza katswiri pa njinga yamoto.

Anthu a chigawo chino sanaiwale Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Moatize ndi mzinda wa Tete. Magalimoto anapulumukira pa mlatho wa Kassuende. Ntchito ya kabokosika ndi yomweyo: kudziwa msewu wachiwiri ndi kukhotera komweko msanga.

Komabe amalonda asanyengeke, chifukwa kabokosi sikalambula msewu pamene palibe. Ngati pamudzipo pafika rede imodzi yokha, kalibe chosankha. Magetsi a EDM akazima pamalo popanda batire kapena sola, nakonso kamagona. Ndalama za M-Pesa kapena e-Mola zotumizidwa poimba timanambala pa foni zimayenda pa rede ya mwini khadi, ndipo kabokosi sikangazisamutse.

Misewu iwiri yokakumana pa mlatho umodzi ndi msewu umodzi ndithu. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, SEACOM ndi EASSy, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inafooka ku Mozambique, Malawi, Tanzania ndi Kenya nthawi imodzi. Tsiku lotero, kukhala ndi khadi la kuno ndi la ku Malawi sikutanthauza kuti munthu wapulumuka. N'chifukwa chake kuphatikiza njira zosiyana mtundu, monga ya pansi ndi ya setilaiti, kuli ndi nzeru koposa kugula makadi awiri oyenda pa chingwe chimodzi.

Vuto lina limakhala ku likulu kwenikweniko. Mu Novembala 2018 makina ambiri otapira ndalama ndi olipirira ndi khadi anaima m'dziko muno kwa masiku angapo, chifukwa cha kusamvana pakati pa SIMO, imene imalumikiza mabanki, ndi kampani imene inkaipatsa pulogalamu ya kompyuta. Zingwe zinali bwino-bwino, ndipo palibe kabokosi kakadathandiza. Amene anagulitsa malonda masiku amenewo ndi amene analandira ndalama m'manja.

Tsono ndani ayenera kugula? Makinawa amapindulira bizinesi ya nthambi zingapo, monga banki, kampani yogula fodya, sitolo za zipangizo za ulimi kapena bungwe lalikulu la alimi. Mtengo wake suthera pa kabokosi. Pali laisensi yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, pali ndalama za intaneti pa njira iliyonse, ndiponso pafunika munthu wodziwa kukonza.

Mwini baraka kapena chigayo chimodzi safunika zonsezi. Karauta kolowa makadi awiri, kamene kamasintha kokha khadi lina likafa, kamagwira mbali yaikulu ya ntchitoyi pa mtengo wochepa.

Amene bizinesi yake yakula ayambe ndi kope ndi pensulo. Kwa mwezi wathunthu alembe tsiku limene rede yasowa, maola ake, ndi malonda amene atayika. Ngati zotayikazo zikuposa mtengo wa makina, ndiye kuti nthawi yakwana. Ayeseretu pa nthambi imodzi, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene mphenzi ndi mvula zimavuta, asanagulire nthambi zonse.

Kwa wogulitsa makinawo afunse mafunso atatu. Kodi njira ziwirizo zimadutsa pa nsanja kapena chingwe chimodzi? Kodi kabokosi kakafa, wokonza achokera ku Ulónguè, ku Tete kapena ku Maputo, ndipo afika patapita masiku angati? Nanga mwezi wina laisensi ikapanda kulipidwa, makinawo apitiriza kugwira ntchito kapena aima?

Mwana aliyense wokumba mbewa ku Lifidzi amadziwa kuti mbewa yochenjera siikumba una wopanda mbuli yothawira. Wamalonda naye akhale ndi pothawira pake, kaya ndi makina odula kaya ndi khadi lachiwiri. Ndipo buku lolembamo ndi manja pamodzi ndi ndalama pang'ono za m'kabati asazitaye, kuti mlimi wobwera ndi ngolo yake asabwerere chimanjamanja.