Dimba la pakhomo ku 25 de Setembro limayamba ndi kuwerenga zigubu za madzi

MOATIZE – Mvula ikatha ndipo kutentha kukayamba kuchepa, kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, ndiyo nthawi yofesa mbewu za masamba m'tauni ya Moatize. Wochedwa kufesa amadzapezeka akulimbana ndi dzuwa la Okutobala kabichi wake asanamange.

Ku bairro la 25 de Setembro nkhani ya dimba ili ndi mbiri yake. Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 ochokera ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe kuti ikumbe malasha. Mabanja oposa 700 anapita ku Cateme, komwe kunali kwa alimi, pomwe ena pafupifupi 290 anapatsidwa nyumba ku 25 de Setembro, m'tauni. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la 2013 linanena kuti a ku 25 de Setembro sanalandire minda yatsopano, ngakhale ena mwa iwo ankalima kumene anachokera. Mgodiwo kuyambira 2022 uli m'manja mwa kampani ya Vulcan, koma pakhomo lopanda munda zinthu sizinasinthe: mpukutu uliwonse wa mpiru, phwetekere aliyense, zimafuna meticais. N'chifukwa chake kamalo kakuseri kwa nyumba ndi kofunika, ngakhale kakhale ka mamita ochepa.

Cholakwika chimene ambiri amayamba nacho ndi kutengera ulimi wa ku Zóbuè. Munthu akayenda pa msewu wa N7 n'kuona kabichi ndi anyezi m'madimba a kumalire, amagula mbewu zomwezo n'kudzafesa nthawi yomweyo. Koma Zóbuè, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera m'tauni ya Moatize, ili kumapiri, kumazizirirako, mvula imagwa yochulukirapo ndipo kuli madambo ndi timitsinje. Moatize ili kuchigwa cha Zambezi, komwe mvula ya chaka chonse imangozungulira mamilimita 600 ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Boma ndi limodzi, koma nyengo n'zosiyana.

Choncho kukula kwa dimba ku 25 de Setembro sikuyenera kuyezedwa ndi malo amene alipo, koma ndi madzi amene banja lingapeze tsiku lililonse osadumphitsa. Masamu ake ndi osavuta. M'miyezi yozizira, bedi lotalika mita imodzi mbali zonse limamwa malita pafupifupi 4 patsiku. Mu Okutobala bedi lomwelo limafuna malita 7 kapena kuposa. Ndiye kuti bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali limakhuta ndi chigubu chimodzi cha malita 20 mu Juni, mpaka madzi kutsalako, koma dzuwa likaswa mtengo chigubucho chimachepa. Banja lomwe lingapatule zigubu ziwiri patsiku likhale ndi mabedi awiri, litakakamira atatu. Kulima mabedi asanu ndi limodzi ndi madzi a mabedi awiri kumathera pa kuumitsa onse, ndipo ndalama za mbewu zimapita pachabe.

Kapangidwe ka bedi nako kamasunga kapena kutaya madzi. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti m'chilimwe bedi likhale lolowa pansi ngati beseni, osati lokwera ngati mzere wa chimanga, kuti madzi asathawire m'mbali. Pabwalo pomwe pakhala pakupondedwa zaka zambiri nthaka imalimba, choncho pamafunika kukumba mpaka masentimita 30 kapena 40, kuchotsa miyala, n'kusakaniza dothi ndi manyowa owolerana. Apa chigawo cha Tete chili ndi mwayi umene ena alibe: mbuzi zilipo zambiri, ndipo ndowe zake ndi manyowa abwino. Koma ziyambe zaunjikidwa pamthunzi n'kumanyowetsedwa kwa milungu ingapo. Ndowe zaziwisi, makamaka zitosi za nkhuku, zimawotcha mizu ya mbande.

Mbuzi zomwezo ndiye mdani woyamba wa dimba. Mpanda ukhale woyamba mbewu zisanamere, kaya wa bango, kaya wa nthambi zaminga za masau. Mbuzi imodzi imatha bedi la repu munthu akadali kumsika.

Akawokera mbande, mlimi aphimbe nthaka ndi udzu wouma kapena masamba ouma, kusiya kampata kuzungulira tsinde kuti chiswe chisafike msanga. Nthaka yophimbidwa imachedwa kuuma. Kuthirira kukhale m'mamawa kapena dzuwa litapepa, ndipo madzi apite pansi pa mbewu, osati kumwazidwa pamasamba. Ena amakwirira pakati pa bedi mtsuko wadothi wosapaka utoto n'kumaudzaza, madzi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'thupi la mtsukowo. Botolo lapulasitiki loboola timabowo kunsi limagwiranso ntchito pa phwetekere ndi mabiringanya. Amene pabwalo pake ndi thanthwe lokhalokha atha kudzaza thumba ndi dothi la manyowa, kuliboola m'mbali, n'kubzalamo mpiru kapena repu.

Si madzi onse a m'nyumba amene ayenera kupita kudimba. Otsukira mpunga, nyemba ndi ndiwo ndi abwino ndithu. Osambira ndi ochapira apite ku papaya, nthochi kapena chammwamba, chimene ena amati sangowa, osati pa letesi wodya wosaphika. Madzi a javel asayandikire n'komwe. Zitsime zina za kuchigwa zimakhala ndi madzi amchere, ndipo chizindikiro chake ndi kuyera kwa pamwamba pa dothi likauma. Zikatero kuthirira pang'onopang'ono kumaunjika mcherewo pa mizu, ndiye nthawi ndi nthawi bedi lifunika kulikhutitsa kwambiri kuti mchere utsikire pansi.

Funso la mbewu yoti n'kubzala likuyankhidwa ndi mwezi. Kabichi, letesi, karoti, anyezi, repu ndi kove zimakonda kuzizira, choncho ku Moatize zimachita bwino kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Mbande za repu ndi mpiru zimakhala pa nazale milungu itatu kapena inayi, anyezi milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu. Kabichi amatenga pafupifupi miyezi itatu chiwokereni, ndiye wofesa mu Julayi wachedwa kale. Phwetekere naye ali ndi malire ake: kutentha kukapitirira madigiri 35 maluwa amayoyoka osabereka, ndipo mlimi amaganiza kuti anagulitsidwa mbewu yabodza pamene vuto ndi dzuwa. Letesi akatenthedwa amatulutsa maluwa msanga n'kuyamba kuwawa.

Kuyambira Seputembala ndi bwino kubwerera ku ndiwo zamakolo, zimene ena m'tauni amazipeputsa kuti n'za kumudzi. Therere, bonongwe, chitambe, kholowa ndi nkhwani zimapirira kutentha kuposa kabichi, ndipo mbewu zake munthu amatha kusunga yekha osagula. Bonongwe amayamba kuthyoledwa patangotha milungu itatu kapena inayi chifesereni. Kwa mayi yemwe ali ndi ana aang'ono, masamba obiriwira kwambiri ngati amenewa ndi amene amapereka vitamini A ndi ayironi, ndipo pa zimenezi kabichi woyera amatsalira kutali.

Fumbi ndi vuto lina lomwe anthu a ku Moatize akhala akudandaula nalo kwa zaka, la malasha ndi la m'misewu lomwe. Masamba a m'dimba atsukidwe kawiri kapena katatu ndi madzi oyera asanaphikidwe. Fumbi ndi kuuma zimakoperanso kangaude wofiira, kachilombo kakang'ono kokhala kunsi kwa masamba a phwetekere n'kuwaumitsa. Palinso mbozi ya Tuta absoluta, yomwe inayamba kuoneka m'dziko muno cha m'ma 2016 ndipo imaboola masamba ndi zipatso. M'dimba laling'ono mankhwala oyamba ndi maso ndi manja: kuyendera mbewu tsiku lililonse, kuthyola masamba ogwidwa n'kuwatentha, ndi kupopera madzi a masamba a nimu osinja pa nsabwe. Phwetekere asabzalidwe pabedi limodzi chaka ndi chaka.

Amene afuna mankhwala ogula asamale ndi a m'timabotolo topanda chizindikiro togulitsidwa m'misika ya kumalire. Botolo lenileni limanena masiku oyenera kudikira munthu asanathyole ndiwo. La Chipwitikizi limalemba kuti intervalo de segurança, ndipo lochokera ku Mwanza limanena zomwezo m'Chingerezi. Wosatha kuwerenga afunse alangizi a ku ofesi ya SDAE. Pogula mbewu, kaya ndi meticais kaya ndi kwacha, deti la papaketi liyang'anidwe, chifukwa mbewu ya anyezi makamaka siichedwa kufa.

Kwa alimi a ku Zóbuè ndi Mussacama kusiyana kwa nyengoku ndi msika. Mu Julayi ndi Ogasiti aliyense amakhala ndi masamba ndipo mitengo imagwa. Kuyambira Okutobala madimba a kuchigwa amakhala atauma, Moatize ndi mzinda wa Tete zikudikira ndiwo zochokera kumtunda. Wokhala ndi madzi odalirika kudambo amapindula akamafesa pang'ono milungu iwiri kapena itatu iliyonse m'malo mofesa zonse tsiku limodzi. Vuto lawo limabwera ndi mvula, pamene chiwawu chimagwira phwetekere ndipo mabedi olowa pansi amasanduka zithaphwi. Mvula yoyamba ikayandikira, ku Zóbuè ngakhalenso ku 25 de Setembro, mabedi akwezedwe ndipo ngalande zitsegulidwe kuti madzi azidutsa.